Shawa ya Ipyana Pabwalo la Apongozi

Utcheya wa komiti ya shawa munthu sapempha, umangomugwera ngati chitosi cha khwangwala. Chikondwero unamugwera chifukwa anali kalaliki mu ofesi ina ya boma pa Karonga, ndipo anthu amaganiza kuti munthu wokhala pansi pa fani tsiku lonse mutu wake ndi wozizira, thumba lake ndi lolemera. Zonsezi zinali zabodza. Faniyo inafa kalekale, ndipo malipiro ake ankatha mwezi usanafike pakati. Landilodi atengepo, magetsi atengepo, amayi ake ku Dedza atengepo, yotsalayo n'kupita kwa a kago amene ankamupalasa panjinga kupita kuntchito dzuwa likumuphika.

Komabe sakanakana. Mkwatibwi anali Ipyana, mnzake yekhayo weniweni m'tauni yonseyo. Atangosamutsidwira ku Karonga, Chikondwero ankadya chiwaya pamsewu n'kukadzitsekera m'chipinda cha lendi, wopanda womupatsa moni. Ipyana, amene ankakhala khomo loyandikana naye, ndiye anagogoda tsiku lina ndi mbale ya mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama, n'kumufunsa ngati ku Dedza anthu amaletsedwa kuseka.

Ipyana ankagwira ntchito kuboda ya Songwe, mu ofesi ya maejenti owombola katundu. Ankadzuka mbandakucha, n'kutha tsiku akuthamanga ndi mapepala pakati pa mathiraki. Ntchito yake inali yabwino, koma inamupatsa dzina. A Bertha, amayi ake a Ambokile, mnyamata amene ankafuna kumukwatira, ankangomutchula kuti mtsikana wa paboda, ndipo polankhula mawu amenewa milomo yawo inkakhota. Anavomera ukwatiwo mokoka miyendo.

"Ine sindikufuna fuliji kapena masofa, Chiko," anatero Ipyana tsiku lomwe anamupatsa utcheyawo. "Ngakhale mundipatse zipande zokhazokha, sawa. Chomwe ndikufuna n'chakuti ndilowe m'banja lija wopanda mawu pamutu panga. Amayi aja akungodikira kuti ndiphonye phazi kamodzi."

"Usade nkhawa, asisi. Sapeza pogwira."

Komitiyo inadzaza ndi akazi apantchito obwera, a kuchigawo chapakati ndi kumwera: Doris namwino wa ku Zomba, aphunzitsi, wapolisi mmodzi. Pagulu lawo la pa WhatsApp timitima ndi timaluwa tinkagwa ngati mvula, koma ikafika nkhani yosonkha, foni za anthu zinkayamba kuvuta netiweki. Chikondwero anatenga mpeni n'kuyamba kudula. Chakudya cha kulesitilanti anachichotsa, azimayi aphika okha mpunga ndi nyemba ndi kanyama kongonunkhiritsa. Nsalu ya yunifolomu inakagulidwa ku Kyela, kutsidya kwa Tanzania, komwe ndi yotsikirapo mtengo. Maluwa apulasitiki anabwereka kutchalitchi. Wodzoza mkwatibwi ndi woyendetsa mwambo anali Doris yemweyo, mbuzi imodzi yomangidwa pazikhomo ziwiri. Holo anaipeza pasukulu ina, yotchipa chifukwa mawindo ake analibe magalasi.

Lachinayi, shawa ili Loweruka, ahedi a pasukulupo anaimba foni. Bungwe lina linafuna holo yomweyo kuti lichitiremo msonkhano, ndipo bungwe likalankhula, shawa ya anthu osauka imakhala chete. Anapepesa bwino kwambiri, kenaka anadula foni.

Chikondwero anakhala pa desiki pake akuyang'ana khoma. Ipyana sakanamuimbira, chifukwa anali atalowa kale m'nyumba ya azakhali ake, a Fainess, komwe alangizi ankamulangiza, ndipo foni anamulanda. A Fainess eni ake anali ndi kafoni kamabatani komwe nthawi zambiri kankagona m'thumba la mpunga. Maholo ena onse anali a anthu olemera. Misozi inayamba kulengeza, ndipo anaisiya chifukwa mu ofesimo munalibe wina.

Ndi mmene anamupezera a Zebedee. Anali mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Mwenilondo, amene ankabwera kawirikawiri kudzalondola mapepala a penshoni. Sitiroko inawasiyira mwendo wakumanzere wokoka, moti ankayenda ndi ndodo, koma jekete sankalisiya ngakhale kutenthe bwanji. Ankachitanso kabizinesi kobwereketsa matenti ndi mipando.

"Mama, lero mwafedwa?" anafunsa akukhala pansi.

Chikondwero anafotokoza zonse, mpaka dzina la mkwatibwi ndi komwe amagwira ntchito. A Zebedee anasisita mutu wa ndodo yawo.

"Mwana wa ku Songwe uja ndi mkamwana wanga, mpongozi mwa chilankhulo chanu. Ambokile ndi mwana wanga woyamba."

"Zoona, bambo? Koma Mulungu ali ndi njira zake."

"Nadi. Mwanayo asachite manyazi. Bwalo langa ndi lalikulu, lili ndi mithunzi ya mango. Tenti ndi mipando zilipo, simulipira kanthu. Pikapu yanga ikunyamulireni katundu m'mawa, Kenan mphwanga ndiye amayendetsa. Koma mvetsani apa, mama. Galimoto ibwerere dzuwa lisanafike pamutu. Ndili ndi ulendo wa ku Iponga kwa mng'ono wanga, ndipo ndiyenera kuchoka inu musanayambe."

"Simukhala nafe mudye keke?"

"Yayi, mama," anaseka pang'ono. "Ine ndikhale kutali."

Chikondwero anaona ngati ndi manyazi aja azibambo amakhala nawo pa zochitika za azimayi. Kwawo ku Dedza apongozi amapatsidwa ulemu, inde, koma mbale ya chakudya amailandira m'manja mwa mkazi wa mwana wawo. Sanafunse zambiri, ndipo akuluakulu ananena kale za safunsa ndi phula lake. Anagwada pansi mu ofesi momwemo n'kuthokoza, kenaka analemba pagulu kuti malo asintha, onse akumane paraundabauti, galimoto iwatengera ku Mwenilondo. Timitima tinagwanso.

Sabata imeneyo mafuta anali atasowa m'tauni. Magalimoto ankagona pamzere, ndipo a zigubu ankatchula mitengo yoti munthu ukhale pansi kaye. Madontho omwe anali mu pikapu ya a Zebedee, Kenan anachita kuwavutikira pamzere womwewo.

Loweruka m'mawa pikapu inanyamula mapoto, nkhuni ndi matumba a mpunga. Inabwereranso kukatenga azimayi ophika ndi alendo oyamba. Itatsitsa gulu limenelo, Kenan, bambo wa imvi m'ndevu wosakonda zolankhulalankhula, anazimitsa injini.

"Basi, mama. Mafuta otsalawa ndi a ku Iponga."

Apa m'pamene Doris anakumbukira kuti masipika ndi keke zatsala kuboma. Anafunsa wa takisi pafoni, ndipo mtengo wake unaposa wa kekeyo. Chikondwero anayang'ana pakhonde. A Zebedee anali atavala kale jekete, kachikwama kali pamiyendo, chipewa chili pabondo. Anayang'ana kumwamba, dzuwa linali lisanafike pamutu. Shawa yopanda nyimbo ndi maliro, ndipo a Bertha akanapeza poyambira.

Anatembenukira kwa Kenan. "Achimwene, ulendo umodzi wokha. Iponga sithawa."

"Geji ili pansi, mama."

"Geji ya galimoto yakale imanama. Chonde, ndagwira mwendo wanu."

Kenan anayang'ana kukhonde, anapukusa mutu, n'kuliza galimoto. Geji sinaname. Pobwerera pikapu inatsokomola n'kuzima patali ndi Mwenilondo, ndipo masipika anafika atamangidwa panjinga za kago, keke ili pamiyendo ya mphunzitsi wina, mbali imodzi itaphwanyika. Kenan anatsala pamsewu akulondera galimoto.

Chikondwero anapita kukhonde kukapepesa. A Zebedee anamva, n'kuyang'ana chipewa chawo. A Bertha, amene anaima pakhomo la nyumba ndi azilamu awo, anafunsa mwa Chinkhonde, ndipo atauzidwa anangoti, "Ehe," n'kupinda manja. Chikondwero anaganiza kuti akwiyira mafuta, ndipo mumtima analonjeza kuti awabwezera mwezi ukatha.

Tenti inadzaza. Mbali imodzi kunakhala akazi apantchito ndi nsalu zawo za ku Kyela, mbali ina achibale a kuchimuna. Doris anayesa maikolofoni, nyimbo inayamba, ndipo kasiyenta konyamula mkwatibwi kanatulukira pamsewu wafumbi kakuliza hutala.

A Fainess anakhala kutsogolo m'galimotomo. Galimoto itakhota kulunjika pageti, anaona nyumbayo, anaona jekete pakhonde, ndipo nkhope yawo inasintha. Anavula chitenje cha paphewa, anatembenuka n'kumufunditsa Ipyana kumutu, n'kuuza dalaivala kuti abwerere m'mbuyo. Galimoto inakaima kuseri kwa mpanda, padzuwa.

Chikondwero anathamangira komweko. "Azakhali, mwapitirira. Geti ndi ili."

"Ndinu tcheya inu?" A Fainess anatsika n'kumukokera pambali. Sanakweze mawu. "Mwatibweretsa pakhomo pa ndani?"

"Pa apongozi ake. Atipatsa ulere, ndi anthu abwino kwambiri."

"Ndipo eni ake ali pakhonde apo."

"Amayenera kupita ku Iponga, koma galimoto yatha mafuta."

"Mwana wanga, ng'ombe za malowolo zinapita kale kwathu. Uyu ndi mkamwana wa pakhomo pano. Kuno mkamwana saonana ndi bambo a mwamuna wake. Sadutsa pomwe akhala, dzina lawo salitchula, akawaona panjira amapatukira kutchire. Mabanja ena anasiya, ena amachita kamwambo kothetsa, koma nyumba iyi sanathetse. Ndiye inu mukufuna avine pamaso pawo? Alangizi amuuze za kuchipinda pa sipika, iwo akumva?"

Apa m'pamene Chikondwero anamvetsa ulendo wa ku Iponga.

Anayesa zonse zomwe mutu wa kalaliki ungaganize. Anati a Zebedee alowe kuchipinda atseke chitseko. A Fainess anati sipika sidziwa chitseko, ndipo a Bertha atamva anati amuna awo si nkhuku yoti itsekeredwe m'khola masana, pansi pa malata, ndi BP yawo. Anati azimitse masipika alangizi azinong'ona. Anamuyankha kuti ngakhale anong'one, mwanayo sangaponde pabwalo eni ake alipo. Anapempha wa kasiyenta kuti awaperekeze ku Iponga, koma iye anati mafuta ake ndi ongobwererera kuboma, komanso kuti mdalayo akwere ndiye kuti mkwatibwi atsike, akaima pati? Njinga yamoto inalipo, koma mwendo wa a Zebedee sukanatha kudumpha chishalo. Oyandikana nawo nyumba anali ndi mabwalo ang'onoang'ono odzaza chinangwa choyanika. Ambokile anali ku Mzuzu kokatenga suti, ndipo foni yake inkangolira.

Nyimbo inkabwerezabwereza. Mpunga unapsa n'kuyamba kuzizira. Alendo ankakupiza mapepala kumaso, ena akuyang'ana mawotchi, ndipo aphunzitsi awiri ananyamuka ngati akupita kuchimbudzi, osabwereranso. Doris ankangoti, "Mkwatibwi wathu ali m'njira, azimayi," pomwe aliyense ankaona denga la galimoto kuseri kwa mpanda.

Chikondwero anapita pawindo la galimoto. M'galimotomo munali ngati mu uvuni. Pansi pa chitenje ankangoona manja a Ipyana atagwirana pa diresi, ndi madontho akuda a zodzola zomwe zinkasungunuka n'kugwera pansaluyo.

"Chiko, ndiwe?"

"Ndine, asisi."

"N'zoona tili pakhomo pawo?"

"Holo anatilanda Lachinayi. Ndinasowa kolowera."

"Ukanafunsa munthu mmodzi yekha wa kuno. Ngakhale wogulitsa tomato." Mawu ake anali otopa, opanda ukali, ndipo zimenezo zinamupweteka Chikondwero kuposa kutukwanidwa. "Amayi aja akuti chiyani?"

"Sakunena kanthu."

"Ndiye kuti anena."

Chikondwero anaima pamenepo dzanja lili pachitseko chotentha. Ankafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo. Tsiku lililonse kuntchito ankauza anthu kuti abwere mawa, fayilo sinapezeke, koma pano panalibe mawa woti auze munthu.

Atabwerera pabwalo anapeza a Zebedee akudzuka. Anavala chipewa, anasiya kachikwama pampando, anatsika masitepe a khonde mmodzimmodzi. Sanapite kugeti, komwe kunali galimoto. Anazungulira kuseri kwa nyumba, kudutsa pakhola la ng'ombe, n'kulowa kanjira ka m'munda wa chinangwa. Kutali, kumapeto kwa mundawo, kunali mtengo umodzi wa mkuyu.

Chikondwero anawathamangira. "Bambo, musatero. Dzuwali likupwetekani. Tipeza njira ina."

"Njira yake iti, mama?" Anaima akupumira m'mwamba. "Mwanayo wapsa m'galimoto. Ku mtengo uko sipika sifika. Bwererani mukayambe."

"Ndine ndalakwitsa. Ndikanamvera za galimoto."

"Pole, mama. Simunadziwe. Pitani."

Anapitiriza. Ndodo kutsogolo, mwendo wabwino, kenaka wina uja ukukoka fumbi pambuyo. Munthu wamiyendo yabwino akanafika msanga, koma iwo ankaima pafupipafupi, ndipo mundawo unali poyera moti tenti yonse inkawaona. Wa nyimbo anatsitsa mawu osauzidwa.

Mlongo wawo wa a Zebedee ndiye anayamba kunyamuka. Anatenga mpando womwe anakhalira n'kuusenza pamutu, kulowa m'munda. Wina anatsatira ndi ambulera, wina ndi chigubu cha madzi. Kenaka mbali yonse ya kuchimuna inayamba kutha, mmodzimmodzi, mopanda phokoso, aliyense ndi mpando wake. A Bertha anatseka chitseko cha nyumba ndi kiyi n'kupita pambuyo pa onse.

Jekete litafika pansi pa mkuyu, a Fainess anayang'ana nthawi yaitali, n'kupumira pansi.

"Mutsitseni. Zaipa kale."

Ipyana analowa pabwalo atagwiridwa mkono, akuyenda pang'onopang'ono monga amachitira akwatibwi. Doris anamupukuta kumaso ndi kumupakanso mothamanga. Anzake a kuntchito analulutira, nyimbo inakwera, ndipo perekaniperekani anayamba. Akazi apantchito anavina ndi mphamvu zonse ngati kuvinako kungadzaze malo omwe munachoka mipando. Mapoto, mabeseni ndi mbale zinaunjikana patsogolo pa mkwatibwi. Alangizi analangiza mwachidule, maso awo akuthawira kumunda. Kunena zoona, pa shawa zotchipa zonse za chaka chimenecho, iyi inasonkhanitsa katundu wooneka. Ipyana sanayang'ane n'chimodzi chomwe.

Doris anafika pa gawo lomwe sakanalidumpha. Anayang'ana Chikondwero, Chikondwero anayang'ana pansi.

"Tsopano tiitane a kuchimuna," anatero Doris pa maikolofoni. "Apongozi athu, bwerani mumulandire mwana wanu."

Nyimbo inalira yokha. Pomwe panali a kuchimuna panatsala mabowo a miyendo ya mipando pamchenga. Doris anabwereza kuitana, ndipo wina kumbuyo anaseka n'kudzigwira pakamwa.

Kenaka anaona munthu mmodzi akubwera m'kanjira ka m'munda. Anali a Bertha. Anatsekula nyumba, anatuluka ndi beseni latsopano lodzaza makapu ndi nsalu, lokutidwa bwino ndi pepala lowala. Chikondwero anaona kuti mphatso anali atagula ndithu, mwina zinthu zikanakonzeka. Ipyana naye anadzutsa mutu koyamba, anatsika pampando n'kugwada pamchenga, manja atatambasula kuti alandire.

A Bertha sanavine. Sanafike pomwe anagwada mkwatibwi. Anaika beseni pansi m'mphepete mwa tenti, anawongoka, n'kulankhula m'Chichewa chomveka bwino kuti obwera onse amve.

"Mukamaliza mutitumizire uthenga, kuti mwini nyumba abwerere pakhomo pake. Akamwana athu awathamangitsa asanalowe n'komwe."

Anatembenuka n'kubwerera kumunda. Ipyana anakhalabe chogwada, manja ali m'mwamba opanda kanthu, mpaka a Fainess anapita kukamudzutsa.